Kulandira ana a m'tauni pa tchuthi

Ntchito yoti mabanja a kumudzi azisunga ana a m'tauni pa tchuthi ili ndi mizu mu mpingo. Mu 1877 Abusa Willard Parsons a ku Sherman, Pennsylvania, anapempha akhristu awo kuti alandire ana osauka a ku New York. Ntchitoyo inakula n'kukhala bungwe la Fresh Air Fund, lomwe lilipo mpaka lero.

Kuno ku Mambwe nthawi yabwino yolandira ana ndi tchuthi cha Ogasiti, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Ochepa amatera pa bwalo la ndege la Mfuwe pa Proflight kuchokera ku Lusaka; ambiri amabwera pa basi kudzera ku Chipata.

Wolandira akumbukire kuti mwana wa ku Matero kapena Chawama chigwa chino sachidziwa. Azigona m'neti usiku uliwonse, pakuti malungo kuno ndi ambiri. Asapite yekha kumtsinje wa Luangwa kapena Lupande, muli ng'ona. Choopsa kwambiri ndi njovu zolowa m'midzi kukamada: mwana wathu amathawa, koma amene anangoziona pa TV amafuna kuyandikira kuti ajambule ndi foni.