Silo ya girizi

Silo ya girizi ndi mphete ya labala yolimbitsidwa ndi chitsulo, imene imaikidwa pambali pa beringi kuti girizi asatayike ndiponso fumbi ndi madzi zisalowe. Anaipanga ndi Walther Simmer ku kampani ya Freudenberg ku Germany mu 1929, poyamba ndi chikopa.

Mlomo wa silo umakumbatira shafiti, ndipo kasipuling'i kamaufinya. Manambala apamwamba pa silo, monga 35×52×7, amasonyeza kukula kwa shafiti, kukula kwa dzenje loikamo silo ndi kunenepa kwa silo m'mamilimita.

Kaikidwe kamatsata ntchito. Posunga oyilo, mlomo umaloza mkati. Pa beringi yopopedwa girizi pamalo a fumbi kapena madzi, umaloza kunja: girizi wakale amaukankha n'kutuluka, zinyalala zimatsala panja. Ukaloza mkati, kupopa mopitirira kumatha kutulutsa silo m'dzenje lake, ndipo beringi imatentha.

Ku Mangochi silo imagwira ntchito m'zigayo, m'mapampu a madzi ndi m'zombo zokonzedwa ku Monkey Bay, komwe mchenga ndi chinyezi zimadya mlomo msanga.

Onaninso: beringi, gasiketi, oyilo silo.