Madzi a Pamsana ndi Nthenda Youmitsa Khosi

Makolo athu, amene ankadziwa chuku chovunditsa chimanga m'nkhokwe, sakadalota konse kuti mwa abale ake a chukucho muli kanthu kena kosaoneka ndi maso, kamene munthu amakapuma pamodzi ndi fumbi, ndipo chitetezo cha m'thupi chikafooka, kamachoka m'mapapo kufikira kakakhazikike mu ubongo. Dzina lake ndi Cryptococcus. Otto Busse ndi Abraham Buschke a ku Germany ndiwo anakaona m'fupa la mwendo wa mayi wina mu 1894, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Chester Emmons wa ku America anakapeza kochuluka m'zitosi za nkhunda.

Kwathu kuno kanalibe mbiri kufikira Edzi itapezeka mu 1985. Koma monga mvula ikakuona litsiro siikata, odwala amene matupi awo anali ataonda kale anayambanso kulira ndi litsipa losamva panado, khosi litauma gwa, maso akuthawa kuwala, ena nabwebweta ngati ogwidwa ndi mizimu. Dokotala ankamupinda wodwalayo chogonera m'mbali, mawondo pachifuwa, nalasa singano pamsana, nadontheza madzi otulukawo mu inki yakuda, kuti pa galasi lokuza zinthu tizilomboto tioneke ngati mwezi wozingidwa ndi mkombero wake. Popeza ambiri ankafika mochedwa, namwalira patangopita masiku owerengeka, mphekesera inawanda m'mawodi yakuti kuchotsa madzi a pamsana ndiko kumapha. Ndipo ine mtima umandiwawa pokumbukira achibale amene, mwa chikondi chenicheni, ankakaniza singano imene ikadaphwetsa madzi opanikiza ubongo wa wodwala wawo.

Mankhwala analipo, amphotericin B, wochokera m'dothi la kumtsinje wa Orinoco ku Venezuela, koma ankafuna diripi ya masabata awiri, navulaza impso. Odwala a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pamodzi ndi anzawo a m'maiko ena a mu Africa, anadzipereka m'kafukufuku wa ACTA wa 2018 ndi wa AMBITION wa 2022, ndipo wachiwiriyu ndiye anatsimikiza kuti diripi imodzi yokha ya mtundu watsopano wa mankhwalawo, yotsatiridwa ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole, ikukwanira. Bungwe la WHO linavomereza njirayi mu 2022 momwemo.

Chotero inu akuluakulu osamala odwala, mwana wanu akadandaula mutu wosaleka, fulumirani naye kuchipatala, ndipo dokotala akapempha madzi a pamsana, muloleni.