Chamba cha rock: chifukwa chake nyimbo zakalezi sizikuzilala

Mu June 2022, nyimbo ya Kate Bush yotchedwa Running Up That Hill idafika pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku Britain, patadutsa zaka 37 chiitulutsireni. Idadzukanso itamveka m'sewero la pa Netflix la Stranger Things, ndipo achinyamata omwe adali asanabadwe mu 1985 adayamba kuisakasaka pa mafoni awo. Zaka ziwiri m'mbuyomo, nyimbo ya Dreams ya gulu la Fleetwood Mac, ya mu 1977, idabwereranso pa mndandanda ku America kaamba ka kanema wamfupi wa pa TikTok. Nyimbo zambiri zimazilala pakangotha miyezi yochepa, koma za rock zikupitirira kupeza omvera atsopano.

Komwe rock idachokera

Rock idabadwira ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo mizu yake ili m'nyimbo za anthu akuda za blues, rhythm and blues ndi zauzimu, zomwe zidasakanikirana ndi chamba cha country. Chuck Berry, Little Richard ndi Elvis Presley ndi ena mwa omwe adaitchukitsa. Achinyamata a ku Britain adaitengera ndi kuibweza ku America itavala malaya ena. Gulu la The Beatles lidayamba ku Liverpool mu 1960, la The Rolling Stones ku London mu 1962, pomwe Led Zeppelin idabwera mu 1968.

Dzina loti classic rock lidakhazikika m'zaka za m'ma 1980, pomwe nyumba zina zoulutsira mawu ku America zidayamba kumangoika nyimbo za magulu a m'ma 1960 ndi 1970. M'gululi muli Pink Floyd, yomwe idatulutsa chimbale cha The Dark Side of the Moon mu 1973, komanso Queen, yomwe woimba wake Freddie Mercury adabadwira ku Zanzibar mu 1946.

Alternative rock idakula mosiyana. Idachokera kwa oimba omwe ankajambula ndi makampani ang'onoang'ono, ndipo nyimbo zawo zinkamveka kwambiri pa mawailesi a m'masukulu aukachenjede. R.E.M. ya ku America ndi The Smiths ya ku Manchester adali ena mwa otsogola. Zinthu zidatembenuka pomwe Nirvana idatulutsa Nevermind mu 1991. Mu January 1992 chimbalechi chidachotsa Dangerous cha Michael Jackson pampando woyamba wa mndandanda wa Billboard, ndipo nyimbo zomwe zinkaoneka ngati za anthu ochepa zidasanduka za dziko lonse. Pambuyo pake kudabwera Radiohead ndi Oasis.

Zomwe zikuisunga

Choyamba ndi kuphweka kwa zida. Gulu la rock limafuna anthu atatu kapena anayi, gitala yamagetsi, gitala ya besi ndi ng'oma. Nyimbo zambiri zotchuka zidamangidwa pa makodi atatu kapena anayi, moti wophunzira gitala amatha kuziimba asanathe chaka. Wachinyamata aliyense wogwira gitala koyamba amadutsa m'nyimbo zomwezi, ndipo potero amazipatsa moyo wina.

Chachiwiri ndi kajambulidwe. Zimbale zambiri za m'ma 1960 ndi 1970 zinkajambulidwa pa tepi, oimba akuimbira pamodzi. Womvera amamva kupuma kwa woimba, kulira kwa nsambo, ngakhale pomwe woimba ng'oma wafulumira pang'ono. M'nyengo ino yomwe kompyuta imawongola mawu aliwonse okhota, kusasalala kumeneku kumakoka anthu ena.

Chachitatu ndi uthenga. Rock idakhala mawu a wachinyamata wosakhutira: wokangana ndi makolo, wokana nkhondo, wosowa ntchito, wosungulumwa. M'badwo uliwonse umakhala ndi anthu otere, ndipo wa zaka 16 lero amatha kudzimva m'mawu a Kurt Cobain, yemwe adamwalira mu 1994.

Palinso dzanja la malonda. Bob Dylan adagulitsa umwini wa nyimbo zomwe adapeka ku Universal mu 2020, ndipo Bruce Springsteen adagulitsa zake ku Sony mu 2021 pamtengo womwe malipoti adati udali pafupifupi madola 500 miliyoni. Kampani yomwe yatulutsa ndalama zotere siingalole nyimbozo kugona. Imaziika m'mafilimu, m'mauthenga otsatsa malonda ndi pa Spotify. Filimu ya Bohemian Rhapsody ya mu 2018 idafikitsa Queen kwa omvera atsopano, ndipo mu 2023 The Beatles, yomwe idapasuka mu 1970, idatsogolanso ku Britain ndi nyimbo ya Now and Then. Choncho kukhalitsa kwa rock kukuchokera ku luso komanso ku ndalama zomwe zikuiteteza.

Rock ya kwa anansi athu

Mbiriyi ili ndi gawo lomwe lidalembedwa kufupi ndi kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1970, achinyamata a ku Zambia, makamaka m'matauni a migodi ya kopa, adasakaniza rock ndi maimbidwe akwawo n'kupanga chamba chomwe chimatchedwa Zamrock. Magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankaimba m'Chingerezi, m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Lamulo la mtsogoleri wa dzikolo Kenneth Kaunda loti nyimbo zochuluka za pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikomo lidawapatsa mpata waukulu.

Koma oimbawa adalibe makampani amphamvu owasungira ntchito yawo. Mtengo wa kopa utagwa, chuma chidalowa pansi ndipo anthu adasiya kugula zimbale. Kenaka mliri wa Edzi udatenga oimba ambiri. Paul Ngozi adamwalira mu 1989, pomwe Emmanuel "Jagari" Chanda wa WITCH adasiya kuimba n'kukhala mphunzitsi, kenaka wokumba miyala yamtengo wapatali.

Zamrock idadzuka pomwe osonkhanitsa zimbale zakale ndi kampani ya Now-Again ya ku America adayamba kutulutsanso nyimbozi. WITCH idayambanso kuimba m'maiko akunja ndipo idatulutsa chimbale chatsopano cha Zango mu 2023. Kusiyana kwa Queen ndi Ngozi Family kukuonetsa kuti nyimbo yabwino imafunanso wosunga tepi ndi woteteza umwini wake. Za Queen sizidasowepo pamsika, pomwe za ku Zambia zidakhala zaka zambiri zili m'manja mwa anthu ochepa omwe adasunga zimbale zakale.

Mu 2024, woimba wa ku America Tyler, the Creator adagwiritsa ntchito gawo la nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa Nizakupanga Ngozi m'nyimbo yake ya Noid. Chimbale chake cha Chromakopia chidafika pampando woyamba wa Billboard, ndipo mawu a Chinyanja omwe adajambulidwa m'zaka za m'ma 1970 adamveka kwa anthu miyandamiyanda, patadutsa zaka 35 Paul Ngozi atamwalira.