25 Sepitembala: Tsiku Limene Mfuti Zinalira Kunyanja

Chaka chilichonse pa 25 Sepitembala maofesi ndi masukulu a ku Mozambique amatseka. Ndi tsiku la asilikali, pokumbukira kuti pa tsikuli mu 1964 gulu la FRELIMO, motsogozedwa ndi Eduardo Mondlane, linayamba nkhondo yothamangitsa Apwitikizi. Ana asukulu amaloweza dzina la Chai, ku Cabo Delgado, kumene akuti Alberto Chipande ndiye anaomba mfuti yoyamba. Komatu anthu a ku Chiwanga, m'boma la Lago, alibe chifukwa cholozera kutali choncho, pakuti moto womwewo unabukanso pagombe lawo.

M'masiku omwewo ankhondo a FRELIMO anachita chiwembu pa ofesi ya boma ku Cóbuè, kumpoto kwa Chiwanga, moyang'anana ndi chilumba cha Likoma. Sizinangochitika mwangozi. Anyanja anali atatopa ndi msonkho komanso thangata. Ambiri anaphunzira pamishoni ya Anglican ku Messumba, pafupi ndi Chiwanga, ndipo mabwato awo ankafika ku Likoma ndi ku Tanganyika. Pobwerera ankanyamula nkhani: Tanganyika analandira ufulu mu 1961, Malawi pa 6 Julaye 1964. Mnzako wakutsidya akudzilamulira, iwe ungagone tulo?

Apwitikizi anabwezera mwankhanza. Anakulitsa malo a asilikali apamadzi ku Metangula, ndipo maboti awo ankalondera gombe lonse. Apolisi achinsinsi a PIDE anagwira anthu ambiri, kuphatikizapo aphunzitsi apamishoni. Mu 1965 midzi yambiri inasanduka mabwinja: ena anathawira ku Likoma, ena ku Tanzania, ena anakwera kumapiri, ndipo otsala anawaunjika m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. Wansembe John Paul, amene ankatumikira ku Messumba, analemba zimene anaona m'buku lotchedwa Mozambique: Memoirs of a Revolution, lomwe linatuluka mu 1975.

Komabe pofika Julaye 1968, FRELIMO inali itakhwima kale m'chigawo cha Niassa, moti inachititsa msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, mkati mwa dziko.

Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Lusaka pa 7 Sepitembala 1974, ndipo ufulu unadza pa 25 Juni 1975. Okalamba amene anaoloka nyanja pothawa mu 1965 akutha mmodzimmodzi. Sukulu za m'boma la Lago zikanayamba kuwaitana kuti adzafotokozere ana ali moyo.