Dzina la pa paketi: mkangano wa Debian ndi Ubuntu

Sabata ino ndabwera ndi mbiri ya zamakompyuta. Musathawe ayi, nkhani yake ikufanana ndi za mumsika.

Mu 1993 Ian Murdock adayambitsa Debian, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta, ya mtundu wa Linux. Mkati mwake muli timapulogalamu tambirimbiri tomangidwa m'mapaketi. Paketi iliyonse imakhala ndi nambala, komanso dzina ndi imelo ya woisamalira. Ambiri mwa osamalirawa amagwira ntchitoyi mongodzipereka.

Mu Okutobala 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatulutsa Ubuntu. Sadayambire pansi. Adakapikula ku Debian, ngati mmene ife timaodera thumba la shuga n'kumamanga m'timapepala. Malamulo a Debian amalola zimenezo. Vuto lidabwera pa zolemba za pa paketi.

Tiyambe ndi nambala. Tinene kuti paketi ya Debian yalembedwa 2.4-3. Apa 2.4 ndi nambala ya mwini pulogalamu, 3 akusonyeza kuti Debian yaimanga kachitatu. Ubuntu ikasinthamo kanthu imaikapo mchira: 2.4-3ubuntu1. Ikafulumira kumanga Debian isanamange, imalemba 2.4-0ubuntu1, kuti ya Debian ikadzatuluka ndi 1 kompyuta idzaione ngati yatsopano. Nzerutu zimenezi. Koma mchirawo ngwodula. Paketi yopanda mchira imalowa yokha kuchokera ku Debian, pomwe ya mchira imadikira munthu kuti aphatikize pamanja zosintha za mbali ziwirizo. Munthuyo akatanganidwa, paketi ija imatsalira m'mbuyo.

Koma chomwe chidakwiyitsa anthu ndi dzina. Poyamba Ubuntu inkasiya dzina la wosamalira wa ku Debian ngakhale pa paketi yomwe yasinthidwa. Tangoganizani inuyo: wina waoda ufa wanu, wausakaniza ndi wake, ndiye ogula akubwera kudzakalipira inu! Madandaulo ankagwera anthu omwe sadakhudzeko n'komwe chowonongekacho. Mu 2006 a Debian adafunsana maganizo, ndipo Ubuntu idavomera kusintha. Pamalo a wosamalira idayamba kulemba adiresi yake, dzina la wa ku Debian uja n'kulisunthira pa mzere wina wotchedwa Original-Maintainer. Kwa ine a Debian sadalakwe. Sankakana kuti ena awapikule, ankangokana kusenza mlandu wa eni ake.

Kenako kudabadwa zidzukulu. Linux Mint idayamba mu 2006 potengera ku Ubuntu. Pulogalamu yolembedwera Ubuntu ikafunsa kompyuta kuti "ndiwe yani?", n'kumva dzina lachilendo, nthawi zina inkakana kulowa, chonsecho zamkati n'zofanana. Mu 2009 Debian idaika kachida kotchedwa dpkg-vendor, kothandiza womanga paketi kudziwa kuti akumangira yani komanso kholo lake ndani. Mu 2012 kudabwera kafayilo ka os-release. M'menemo mzere wa ID umatchula dzina lenileni, pomwe wa ID_LIKE umatchula kumtundu kwake. Mukakatsegula pa kompyuta ya Linux Mint, woyambawo mupeza linuxmint, wachiwiriwo ukutchula ubuntu.