Okwera Harley-Davidson ndi Njinga Zatsopano: Kukana Lero, Kulira Maŵa

M'nkhani zathu za mbiri, lero tiwoloka nyanja kupita ku America, mumzinda wa Milwaukee m'chigawo cha Wisconsin. Kumeneko n'kwawo kwa njinga zamoto zotchedwa Harley-Davidson, zimene William Harley ndi anyamata apachibale a banja la Davidson adayamba kupanga m'chaka cha 1903, m'kanyumba kamatabwa kuseri kwa nyumba ya banjalo. Funso limene titsate ndi ili: kodi munthu amene wagula katundu wa kampani imodzi moyo wake wonse amatani kampaniyo ikasintha katunduyo?

Tiyambe taona kumene chikondi cha okwera njingazi chidachokera. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, kampaniyi idapangira asilikali njinga pafupifupi 90,000. Nkhondo itatha mu 1945, anyamata ambiri adabwerera kwawo atazoloŵera kuzikwera ndi kuzikonza okha, ndipo zotsala za asilikali zinkagulitsidwa motsika mtengo. Mu 1953 kampani ya Indian, imene inkapikisana ndi Harley-Davidson, idatseka fakitale yake. Kuyambira pamenepo, munthu wofuna njinga yamoto yaikulu yopangidwa m'dziko lakelo adatsala ndi dzina limodzi lokha. Bambo ankasiyira mwana, mwana n'kudzagulanso yake, ndipo ena adafika podzilemba chizindikiro cha kampaniyo pakhungu, chosafufutika mpaka kumanda.

Chimene ankachikonda kwenikweni chinali injini. Injiniyo ili ndi masilinda aŵiri opendekeka ngati mphanda, otalikirana madigiri 45, ndipo imazizira ndi mphepo yokha popanda madzi. Chifukwa cha kapangidwe kameneka, masilindawo saphulika motsatana bwinobwino: lina likaphulika linzake limatsatira msanga, kenaka pamakhala kampata. N'chifukwa chake njingayi ikaima imalira ngati ikutsimphina, ndipo mwini wake amaizindikira ili patali. Kulirako kudali kwa mtengo wapatali kotero kuti mu 1994 kampaniyo idapempha boma kuti likulembe m'kaundula monga chizindikiro chake cha malonda. Makampani ena adatsutsa, ndipo pempholo lidasiyidwa mu 2000.

Chikondi chimenechi chidayesedwa koyamba mu 1969. Chaka chimenecho Harley-Davidson idagulidwa ndi kampani ya AMF, yodziŵika ndi zipangizo zamaseŵera. Eni atsopanowo adachulukitsa njinga zotuluka m'fakitale mofulumira kwambiri, ndipo ubwino wake udatsika. Njinga zinkadontha oyilo zikadali zatsopano m'sitolo, zomangira zinkamasuka pamsewu. Chaka chomwecho kampani ya Honda ya ku Japan idatulutsa njinga yotchedwa CB750, ya masilinda anayi, yothamanga, yosadontha, ndi yotsika mtengo. Paja akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ogula ambiri adapita kwa mlendoyo. Koma padatsala gulu louma khosi, limene linkagulabe Harley-Davidson likudandaula, n'kumaikonza lokha m'magalaja a kunyumba. Gulu limeneli ndilo lidasunga kampaniyo kuti isafe.

Mu 1981 akuluakulu 13 a pakampanipo, motsogozedwa ndi Vaughn Beals, adaiwombola kwa AMF pa madola pafupifupi 80 miliyoni, ambiri mwa iwo a ngongole. Mmodzi wa iwo adali Willie G. Davidson, mdzukulu wa mmodzi wa oyambitsa, amene ankajambula maonekedwe a njingazo. Zinthu zidali zothina ndithu, ndipo antchito ambiri adachotsedwa. Akuluakuluwo adakaona fakitale ya Honda ku Marysville, m'chigawo cha Ohio, natengako njira zoyendetsera ntchito. Mu 1983 Pulezidenti Ronald Reagan adakweza msonkho wa njinga zochokera kunja za injini yoposa 700cc, kwa zaka zisanu, kuti kampaniyo ipume. Chaka chomwecho idakhazikitsa bungwe la eni njinga lotchedwa Harley Owners Group, kuti imve maganizo a ogula ake maso ndi maso.

Tsono apa m'pamene pali phunziro loyamba, ndipo likuoneka tikayerekeza njinga ziŵiri zimene zidatuluka pa nyengo imodzi.

Yoyamba ndi FXR, ya mu 1982. Akatswiri adaipanga ndi cholinga choti ipikisane ndi za ku Japan pa kayendedwe. Felemu yake idali yolimba kwambiri, injini idakhazikidwa pa mphira kuti kunjenjemera kusafike kwa wokwera, ndipo idali ndi magiya asanu. Mmodzi wa amene adaigwirira ntchito adali Erik Buell, katswiri amene ankachitanso mipikisano ya njinga. Pokhota pamsewu inkamvera kuposa njinga ina iliyonse yaikulu imene kampaniyo idapangapo. Koma okwera akale ambiri ataiona adagwedeza mutu. Zitsulo za felemu zinkaonekera pansi pa mpando, ndipo iwo ankati maonekedwe amenewo ndi a njinga za ku Japan. Ambiri adaikana asadaikwere n'komwe.

Yachiŵiri ndi Softail, ya mu 1984. Iyi idapangidwa kuti izioneka ngati njinga za m'zaka za m'ma 1940, zimene zidalibe masipuling'i kumbuyo. Masipuling'iwo adalipo ndithu, koma adabisidwa pansi pa njinga pomwe diso silifika. Nzeru imeneyi kampaniyo idaigula kwa Bill Davis, katswiri wa ku St. Louis amene adayamba waiyesa pa njinga yake. M'njingayo adaikamo injini yatsopano yotchedwa Evolution, ya 1,340cc, kukula kwake kuposa kakhumi injini za njinga zambiri za kabaza zimene timaziona m'misewu yathu. Injiniyo idali ya aluminiyamu, yosatentha msanga, yosadontha oyilo, koma maonekedwe ndi kulira zidali zomwe zija. Okwera akale adailandira ndi manja aŵiri. Malonda adakwera kotero kuti mu 1987 kampaniyo yokha idapempha boma kuti lichotse msonkho uja chisadathe chaka chake chomaliza.

Mwaona, omvera: njinga imene idasintha m'kati n'kusunga nkhope idagulidwa, pamene imene idasintha nkhope idakayikiridwa ngakhale idali yabwino pamsewu. Wogula wokhulupirika amayamba kuweruza ndi diso ndi khutu, chifukwa m'menemo ndi mmene muli chikumbukiro chake. Msewu umaweruza pambuyo.

Mu 1991 kampaniyo idatulutsa mtundu wina wotchedwa Dyna, wooneka mwachikale, wokhala ndi masipuling'i aŵiri oonekera kumbuyo, ndiponso wosavuta kupanga poyerekeza ndi FXR. Pofika 1994 FXR idasiya kupangidwa, kupatula zoŵerengeka zapadera zimene zidatuluka mu 1999 ndi 2000. Itangochoka, anthu adayamba kuitama. Amene adali nazo ankanyoza Dyna, ponena kuti imagwedezeka pokhota pa liŵiro lalikulu. M'kupita kwa zaka FXR yakale idasanduka chuma chofunidwa, ndipo lero ambiri amaitcha imodzi mwa njinga zabwino koposa zimene kampaniyo idapanga. Chitsime chimadziŵika kuya chikaphwa.

Mu 2001 kampaniyo idayesa kulumpha patali ndi njinga yotchedwa V-Rod. Injini yake, ya 1,130cc, idapangidwa mothandizana ndi kampani ya Porsche ya ku Germany. Inkazizira ndi madzi, masilinda ake adali otalikirana madigiri 60, ndipo mphamvu yake idaposa ya njinga zonse zimene kampaniyo inkagulitsa. Cholinga chidali kukopa achinyamata amene ankagula njinga za ku Japan ndi ku Italy. Koma kulira kuja kudasoŵa, ndipo kwa okwera akale imeneyo sidali Harley-Davidson yeniyeni. Idapeza ogula ku Europe ndi ku Australia, idapangidwa zaka zoposa 15, komabe kwawo sidaloŵe m'mitima ya gulu lija.

Nthaŵi imeneyo kampaniyo sidavutike nazo, popeza malonda a njinga zachikale adali pachimake. Mu 2006 idatumiza kwa ogulitsa njinga pafupifupi 349,000, chiŵerengero chimene sidachifikenso. Mavuto a chuma a mu 2008 adagwetsa malonda, ndipo padaonekeranso vuto lina lozama: ogula okhulupirika aja ankakalamba, pamene achinyamata obwera m'malo mwawo adali ochepa.

Tifike tsopano pa mwezi wa August mu 2017, pamene kampaniyo idalengeza njinga za chaka cha 2018. V-Rod idachotsedwa, ndipo si ambiri adadandaula. Chimene chidautsa mkwiyo chidali chakuti Dyna nayonso idathetsedwa, patatha zaka 26. M'malo mwake mudabwera njinga zisanu ndi zitatu za mtundu wa Softail, zonse pa felemu yatsopano yokhala ndi sipuling'i imodzi yobisika pansi pa mpando, ndi injini yatsopano yotchedwa Milwaukee-Eight. Maina otchuka a Dyna, monga Street Bob, Fat Bob ndi Low Rider, adasamutsidwira pa felemu yatsopanoyo.

Amene adaziyesa pamsewu adagwirizana kuti njinga zatsopanozo zidali zopepuka, zolimba felemu, ndi zokhota bwino kuposa zakale. Koma eni Dyna adamva ngati alandidwa. Taonani kudabwitsa kwake: Dyna yomwe ija idanyozedwa poloŵa m'malo mwa FXR ndiyo tsopano inkaliridwa. Ndipo olirawo ambiri sadali okalamba. Adali achinyamata amene adaikonda chifukwa idali yosavuta kusintha ndi manja awo, ena ataiona m'seŵero la pa kanema lotchedwa Sons of Anarchy, limene lidaonetsedwa kuyambira 2008 mpaka 2014. Kampani imene inkafunafuna achinyamata idakhumudwitsa achinyamata amene idali nawo kale.

Pogula, anthuwo adagaŵikana. Ena adathamangira kwa ogulitsa kukatenga Dyna zomaliza za 2017 zisadathe. Ena adasunga zawo zakale, n'kumathera ndalama pozikonza ndi kuzikometsera. Ena adayembekeza kuti aone ngati felemu yatsopanoyo idzaonetsa zilema. Padalinso amene adapita kwa Indian, dzina lakale lija, limene kampani ya Polaris idaligula mu 2011 n'kulidzutsanso. Chisankho cha wogula aliyense chidali chaching'ono, koma zisankhozo zikasonkhana zimafika pa mbale ya nsima ya wantchito. Mu January 2018, malonda akutsikabe, kampaniyo idalengeza kuti itseka fakitale yake ya ku Kansas City, kumene Dyna ndi V-Rod zinkapangidwira. Ntchito pafupifupi 800 zidatha kumeneko, ndipo ntchito yopanga njinga idasamukira ku York, m'chigawo cha Pennsylvania.

Mu 2019 kudabwera LiveWire, njinga yoyendera magetsi, pa mtengo wa madola 29,799. Idalibe magiya osintha, idalibe utsi, idalibe kulira kuja. Okwera akale sadaone chawo m'menemo, ndipo achinyamata amene idawapangidwira sadakwanitse mtengowo. Chaka chimenecho njinga zotumizidwa kwa ogulitsa zidali pafupifupi 214,000. Mu February 2020 mkulu wa kampaniyo, Matt Levatich, adatula pansi udindo, ndipo amene adamuloŵa m'malo, Jochen Zeitz, adachepetsa mitundu ya njinga n'kubwerera kwa zimene ogula akale amakonda. Mu 2021 dzina la LiveWire lidapatulidwa kuti liziima palokha.

Nanga eni Dyna aja? Kampaniyo idawamva. Pa njinga za chaka cha 2020 idabwezeretsa Low Rider S, dzina limene iwo ankalikonda koposa, pa felemu yatsopano ija, ndipo ambiri amene adalumbira kuti sadzaikhudza adakaigula. Mu 2022 idatulutsa Low Rider ST, yokhala ndi chotchinga mphepo kutsogolo chotengera cha FXRT ya mu 1983, mbale wake wa FXR ija idakanidwa chifukwa chofanana ndi za ku Japan. Patapita zaka pafupifupi 40, nkhope imene idanyozedwa monga yachilendo idagulitsidwa monga mwambo wa makolo. Madzi saiŵala khwaŵa.

Mbiri imeneyi ikutiuza kanthu za mbali zonse ziŵiri. Wopanga katundu ali ndi ngongole kwa amene adamugula pa nthaŵi ya mavuto, ndipo akawanyalanyaza amataya maziko ake. Koma akamvera iwo okha, amakalamba nawo pamodzi. Wogula naye ayenera kudziŵa kuti mkwiyo wa tsiku loyamba suweruza bwino nthaŵi zonse, pakuti katatu konse m'nkhaniyi chimene chidalandiridwa ndi tsinya, FXR, Dyna, ndi Softail ya 2018, chidadzakondedwa pambuyo pake. Amene adagula FXR mu 1982 anzake akumuseka adatsala ndi chuma. Choncho inu amene mwakonda dzina limodzi la njinga, la wailesi kapena la makina osokera, chatsopano chikafika m'sitolo, chiyeseni kaye ndi manja anu musadachiweruze, ndipo chakale chanucho musafulumire kuchigulitsa.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.