SADC ndi chilala cha 2024

SADC ndi bungwe la mayiko 16 a kummwera kwa Africa, ndipo likulu lake lili ku Gaborone m'dziko la Botswana. Chilala cha El Niño chitawotcha chimanga m'minda kumayambiriro kwa 2024, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza motsatizana kuti agwa m'ngozi. Pa 20 May, mtsogoleri wa Angola João Lourenço, yemwe anali wapampando wa bungweli, anapereka pempho limodzi m'malo mwa chigawo chonse: madola a ku America osachepera 5.5 biliyoni, othandizira anthu oposa 61 miliyoni okhudzidwa ndi chilala komanso kusefukira kwa madzi. Thumba la SADC palokha silikanakwanitsa zimenezi. Udindo wake unali kusonkhanitsa ziwerengero za mayiko ndi kulankhula ndi mawu amodzi kwa opereka thandizo.

Kudalirana kwenikweni kunaonekera pa malonda. Madzi atatsika m'damu la Kariba, lomwe Zambia ndi Zimbabwe amapangirapo magetsi, migodi ndi mafakitale zinavutika, ndipo Zambia inagula magetsi ku Mozambique ndi South Africa kudzera pa nthambo za Southern African Power Pool, mgwirizano womwe unayamba mu 1995. Chimanga chochuluka chinachokera ku Tanzania ndi South Africa.

Komatu njala ikalowa, boma lililonse limayamba latseka nkhokwe yake. Zambia, yomwe inkagulitsa chimanga kwa oyandikana nayo, inaletsa kuchitumiza kunja, ndipo pangano la zamalonda la SADC limalola chiletso chotere chakudya chikasowa kwambiri.